Dzina la Eni Pamutu pa Besi

Garden, Lusaka
6 Malichi 2023

Okondedwa amalume a Fabian,

Muli bwanji ku Kakumbi? Mvula yakusiyiraniko msewu chaka chino? Amayi ali bwanji? Ine ndili bwino. Ndalemba kalata ngati munthu wakale chifukwa ndinamva kuti foni yanu inamira m'chitini cha vanishi ndipo munalumbira kuti simudzagulanso ina. Ndapatsira Ronnie, kondakitala wa basi ya ku Mfuwe.

Mukudziwa kuti ndimaimba gitala ya besi m'bandi ya ba Boston, Loweruka lililonse masana pahotela ina kuno, m'mbali mwa dziwe losambira. Gitala imene ndimaimbayo ndi yobwereka. Mwini wake akusamukira ku Kitwe mu Ogasiti ndipo apita nayo. Ba Boston andiuza mosapita m'mbali kuti ndikapanda kupeza yanga, malo anga apatsa wina. Komanso sakufuna gitala wamba. Amati alendo a pahotela amayamba awerenga dzina limene lili pamutu pa gitala, nyimbo amamva pambuyo. Chithunzi cha imene akufunayo ndaika m'envulopumu. Ya m'sitolo sindingaifike ngakhale nditagulitsa bedi ndi nsapato zomwe.

Ndiye ndakumbukira inu. Magitala awiri a kutchalitchi kwathu munapanga ndinu. Ndipo babatoni wanu uja, besi ya kumudzi ija, wa chikopa cha ng'ombe ndi khosi lalitali kuposa ine, sindinamuiwale. Mukakoka chingwe chachikulu, madzi a m'ndowa ya amayi ankanjenjemera. Ine ndinkagoneka khutu pachikopa n'kumamva ngati dambo lonse likupuma pang'onopang'ono pansi pathu. Mpaka lero ndikatseka maso pasiteji, kumeneko ndi kumene ndimapita.

Amalume, ndipangireni yofanana ndi ya pachithunziyi ndendende, thupi, khosi, mutu, ndi dzina lomwe. Za magetsi ndigula kuno n'kutumiza. Malo amenewa ndinawavutikira, ndipo ndi okhawo amene ndili nawo m'tauni muno.

Ndine muphwa wanu,
Hillary

Kakumbi
29 Malichi 2023

Muphwa wanga Hillary,

Kalata yako inafika itanyowa mbali imodzi, koma ndinaiwerenga. Tonse tili bwino. Njovu zinalowa m'munda mwa amayi ako n'kukolola m'malo mwawo, ndipo sizinasiye ngakhale zikomo. Amayi ako anazitukwana mpaka mawu anatha, tsopano akulankhula ndi manja.

Chithunzi ndachikhoma pakhoma la shedi. Gitalayo ndi yokongola, amene anaiganiza anali ndi maso. Ndili ndi thabwa la mlombwa limene linali chitseko cha khitchini ya loji ina, madzi osefukira asanaigwetse. Lakhala kudenga kwanga zaka zambiri, ndimangolisunga osadziwa chimene ndikulisungira. Nditawerenga kalata yako ndinalitsitsa n'kuligogoda ndi chala. Linayankha mawu otsika, otalika, moti ndinakhala pansi kudikira kuti amalize. Khosi ndisema la msikidzi umene njovu zomwezo zinagwetsa dzana chaka. Uone, nthawi zina nazonso zimapereka.

Utenge chingwe, uyeze kuchokera paphewa mpaka kunsonga ya chala chapakati, udule, unditumizire. Uikenso dzanja lako lamanzere papepala ulizungulize ndi pensulo. Amene wanyamula gitala pachithunzipo ndi mzungu wamtali, iwe unatengera ufupi wa kwa atate ako, ndipo sindikufuna kuti uzikathamangitsa zingwe ndi zala pamaso pa anthu.

Dzina lija ndaliona, koma lilime langa likukana kulitchula. Ndi la ndani? Ndi munthu wamoyo? Ali ndi ana, ali ndi mbumba? Undiuze bwino. Usade nkhawa, nkhani ya dzinayo ndiiyendetsa m'njira yake, monga timachitira kwathu kuno.

Masiku ano ndikamapala matabwa a mipando ya anthu, m'makutu mwanga mumalira gitala yakoyo, chikhalirecho sinabadwe. Dzulo ndinapala mwendo wa tebulo mpaka unatsala ngati mpini wa chipande.

Amalume ako,
Fabian

Garden, Lusaka
17 Epulo 2023

Amalume,

Mwaswera bwanji? Kalata yanu ndinaiwerenga nditaimirira pa siteshoni, anthu akundigunda ndi katundu, ine ndikungomwetulira ndekha. Zikomo povomera zonse, ndi za dzina zomwe.

M'katoni imene Ronnie akupatseniyi muli zingwe zinayi, makiyi omangitsira zingwe, waya, ndi mapikapu awiri, timaginito tija timene timatola mawu n'kupititsa ku sipika. Chingwe cha mkono wanga ndi pepala la dzanja zilimo. M'kaenvulopu kakang'ono muli sitika ya dzina. Muimate pamutu musanapake vanishi womaliza kuti ioneke ngati inabadwira pomwepo. Ndinaigula m'kasitolo kena m'tauni, amagulitsa zambiri.

Mwafunsa za mwini dzina. Anali munthu ndithu, mmisiri wa kutsidya kwa nyanja, koma anamwalira kalekale. Tsopano dzinalo ndi la kampani yaikulu imene imapanga magitala ambirimbiri. Musadzivutitse nazo.

Ndikuuzeni chinthu chimodzi, musauze amayi. Ba Boston atandifunsa kumene gitala ichokere, ndinawauza kuti wachibale wanga akutumiza kuchokera kunja. Ndinaona kuti ndikatchula shedi ya ku Kakumbi andiseka. Ndipotu sindinanamize kwambiri, Mfuwe ndi kutali kuposa Harare mukawerengera maenje a mumsewu.

Ndayamba kale kuilota masana. Ndimadziona nditavala malaya oyera, gitala yofiirira ili pamimba, madzi a m'dziwe la pahotela akuchita timafunde nthawi iliyonse ndikakhudza chingwe, operekera zakumwa ataima ndi mathireyi m'manja. Ndikadzidzimuka ndimapeza minibasi yandipitiriza pamene ndimatsikira.

Mundiuze mmene ikukulira.

Hillary

Kakumbi
21 Juni 2023

Mwana wanga Hillary,

Ndikupatsa moni m'dzina la Ambuye. Uli bwanji? Ukudya? Pachithunzi chimene unatumizira Everlyn, mwana wa a Paskale amene amagwira ntchito pa ofesi ya loji, khosi lako laoneka ngati la nkhuku yonyowa.

Makalata ako awiri ofunsa chifukwa chimene amalume ako akhalira chete anafika. Sakudwala, ndipo sanakwiye. Akudikira yankho, ndipo akuti alibe chokulembera lisanabwere. Ndaona kuti ndikulembere ine, usafe ndi maganizo.

Gitala yako inatha. Ndi yofiirira ngati uchi wa m'mphako, ndipo yapachikidwa pamtanda wa shedi. Mphepo ya mwezi uno ikamadutsa, imang'ung'udza yokha, mbuzi zimasiya kutafuna. Lamlungu lina amalume ako anapita nayo kutchalitchi n'kuilumikiza ku sipika mapemphero atatha. Anangokhudza chingwe chimodzi. Ine sindinamve m'makutu, ndinamva m'mimba, pamalo pamene iwe unkagona. Ndinapukuta misozi ndi chitenje anthu asanaone. Koma pamutu pake palibe cholembedwa chilichonse.

Amalume ako anavala jekete, anatenga chithunzi cha gitalayo n'kupita kwa Everlyn kuti awalembere imelo kwa eni dzina. Anamuuza alembe kuti dzina lawo ndi Fabian, mmisiri wa matabwa wa m'chigwa cha Luangwa, apanga mwana wofanana ndi wa kumeneko, ndipo akupempha mwaulemu kuti amutche dzina la malemu agogo awo. Anagulanso tambala woyera woti apatsire mlendo wina wa pa loji amene ankabwerera kudziko komweko. Everlyn anavutika kuwamvetsa kuti tambala sakwera ndege. Mapeto ake anasema supuni pa chidutswa cha mlombwa womwewo, mlendoyo anatenga. Tambala anamumangirira pashedi, akudya gaga, akunenepa.

Usaseke. Iwenso unadikira. Tsiku limene matenda a kubadwa kwako anandiyamba, amene ananditengera kuchipatala panjinga anali aphunzitsi a Hillary Mwewa, ochokera ku Luapula. Utangobadwa anasamutsidwa kupita ku Mansa. Amalume ako omwewa ndi amene anawalembera kupempha dzina, ndipo mwezi unaoneka n'kufa tikukuitana kuti Mlendo, mpaka yankho linabwera. Pabanja pathu dzina la munthu sititola panjira ngati nkhuni. Ukalitenga osapempha, mwana akadzachita choipa, manyazi amakagwera mwini dzina amene sakudziwa kanthu.

Ine ndinawauza kuti kampani si munthu. Iwo anati pamene pali dzina pali wina amene amalisesera pakhomo. Ndawasiya, ukuwadziwa.

Nanga mtsikana uja wa kukwaya, nkhani yake inathera pati? Undiyankhe zimenezo, usazilumphe.

Amayi ako,
Gladys

Garden, Lusaka
3 Julayi 2023

Amalume,

Moni. Ndikhulupirira muli bwino. Ine sindili bwino.

Amayi andiuza zimene mwachita. Mutanena kuti muiyendetsa monga timachitira kwathu, ine ndinkaganiza kuti mukunena za kamatidwe ka sitika. Amalume, mwapita kukagogoda pakhomo pa anthu amene sankadziwa n'komwe kuti tilipo. Anthu amenewo ali ndi maloya. Simunapemphe dzina, mwadzineneza nokha, ndi chithunzi chomwe.

Kuno ku Lusaka nsapato, malaya, mafoni, zipewa, zonse zili ndi mayina a eni, ndipo palibe anagulapo tambala. Ndani akuvulala? Kampaniyo siisowa chakudya chifukwa cha gitala imodzi ya ku Kakumbi. Amene asowe chakudya ndine. Mwini gitala yobwereka wayamba kale kumanga katundu, ndipo ba Boston akundifunsa tsiku lililonse la pulakatisi ngati ndege yanga yatera.

Si mwana ameneyo, amalume, ndi thabwa la chitseko. Chonde ikulungeni m'bulangete mupatse Ronnie mmene ililimo. Sitika ndidzamata ndekha, tchimolo likhale langa.

Pepani ngati ndalankhula mopyola. Ndili ndi mantha.

Hillary

Kakumbi
12 Ogasiti 2023

Muphwa wanga,

Tili bwino. Kwayamba kutentha, Luangwa waonetsa mchenga, mvuu zadzazana m'madziwe otsala ndipo zikukangana ngati anthu a pamsika. Kalata yako yaukali ndinailandira. Mawu akuti thabwa la chitseko anandipweteka, sindikubisira. Ndinangoti mantha ndi amene alemba.

Yankho linabwera. Everlyn anandiwerengera n'kumamasulira. Anayamba ndi ulemu, anati pachithunzi ntchito ikuoneka ya manja odziwa. Kenako anakana. Anati dzinalo linalembetsedwa, ndi lawo, ndipo limaikidwa pa zimene apanga iwo basi. Anawonjezera kuti si dzina lokha, ngakhale mutu wa gitala mmene unapindikiramo ndi chizindikiro chawo, anthu amawadziwira pomwepo. Anandipempha kuti ndisautengere. Za maloya sanatchule, za supuni sanatchulenso, kaya inafika.

Ndinakwiya, ndisaname. Ndinafunsa Everlyn kuti mpini wa khasu kupindika kwake ndi kwa ndani? Nanga bwato, amene anayamba kulisongola kutsogolo timamulipira? Everlyn anangoti si iye analemba. Pobwerera ndinadutsa pamsewu wa ku eyapoti pamene anyamata amagulitsa zosema. Alipo wina pamenepo amene amauza alendo kuti timipando take ndi ta Fabian. Chaka chatha kamodzi kanathyoka mayi wina atakhalapo, ndipo anabwera nako kwa ine, miyendo ili m'manja. Ndinakakonza osalankhula, koma sabata yonse chakudya sichinandikomere.

Tsiku limenelo ndinagona masana pa utuchi. Ndinalota mzungu wokalamba atakhala pa benchi yanga, utuchi uli m'nsidze, akuyendetsa chala chachikulu pakhosi la gitala yako kuchokera pansi kupita pamwamba. Atafika pamutu anaima. Sanakwiye, sanaseke, anangondiyang'ana monga mmene mmisiri amayang'anira mnzake. Nditadzuka ndinatenga sowo.

Thupi ndalisiya, ndangofupikitsa nyanga yake imodzi, chifukwa thupi la gitala linapangidwa ndi nthiti za munthu woimba ndipo nthiti zili ndi aliyense. Mutu ndaudula mbali imene unapindikira n'kuusemanso. Ndinasowa chotengera, ndiye m'mawa mwake anang'omba, mbalame zazikulu zakuda zija, anayamba kulira kudambo, mawu aja otsika amene umamva ngati akuchokera m'nthaka. Ndinati ameneyu ndiye woimba besi wa kwathu. Mutuwo tsopano ndi mlomo wa nang'omba.

Unandipempha kuti nditumize mmene inalili, sindinakumvere. Mwina ndakulakwira, mwina ndakuphera ntchito. Ndikanapanda kupempha, bwenzi nditamata sitika yako mtima uli m'malo, poti sindinkadziwa. Koma ndinapempha, ndipo munthu wopempha amakhala atavomera kale kuti angakanidwe. Sindingamve kuti ayi ndi makutu angawa n'kukachita ngati ndamva inde.

Gitala ili ndi Ronnie. Sitika yako ili m'envulopu momwemu, ndi yako, sindikuletsa. Tambala uja tinadya Lamlungu, amayi ako akuti anali wolimba ngati mutu wanga.

Amalume ako,
Fabian

Garden, Lusaka
18 Seputembala 2023

Amalume,

Muli bwanji? Amayi ali bwanji? Ndachedwa kuyankha chifukwa makalata awiri oyamba ndinawang'amba. Munali mawu amene muphwa sauza amalume ake.

Gitala inafika bwino. Nditamasula bulangete, chipinda chonse chinanunkhira shedi yanu. Nditaona mutu ndinakhala pansi. Ndinayesa ndithu kumata sitika ija, ndikuuzeni zoona, koma ndi yaitali, mlomo wa nang'omba ndi wopindikira pansi, zilembo ziwiri zomaliza zinkalendewera m'malere. Ndinaimatula.

Ndinapita nayo ku pulakatisi. Khosi linalowa m'dzanja langa ngati takhala limodzi zaka. Nditayamba kuimba, woimba ng'oma anasiya dala kuti amve. Ine ndinatseka maso, ndipo sindikudziwa kuti ndinaimba nthawi yaitali bwanji, ndinali kudambo, udzu ukundifika m'chiuno. Nditatsegula maso ba Boston anali atagwira chibwano. Anati mawu otere sanawamvepo. Kenako anazungulira n'kuyang'ana mutu, n'kufunsa kuti mbalame imeneyi yachokera dziko liti la kunja. Anzanga anaseka. Ndinanena kuti yachokera ku Kakumbi, kwa amalume anga. Iwo anati pahotela sangaimike mbalame.

Malo anga anapatsa mnyamata wina dzina lake Chitalu. Gitala yake ili ndi dzina lija pamutu, lowala bwino. Ndinaiyang'ana pafupi. Sitika yake ndi ya m'kasitolo komwe ndinagula yanga, m'mphepete yayamba kale kumatuka. Palibe amene anafunsa. Loweruka loyamba ndinapita kukaima kunja kwa mpanda wa hotela, dzuwa likuswa mtengo, kumvetsera nyimbo zanga zikuimbidwa ndi wina. Ndinalira, amalume, ndipo ndinakutukwanani mumtima.

Sabata yatha ba Boston anabwera okha kunyumba kuno. Bandi ikupita ku situdiyo kukajambula chimbale, ndipo gitala ya Chitalu ikumveka ngati chitini ikalowa m'makina. Anandipempha kuti ndiwabwereke yanga. Anati ku situdiyo kulibe maso, Chitalu aimba yanuyi, koma pachikuto adzajambulitsa atanyamula yake ija ya dzina. Anati ndikavomera adzandiganizira, mwina ndiziyamba ndi kunyamula masipika, kenako tidzaona.

Imeneyo inali njira yobwererera, ndipo ndinaiona bwinobwino. Ndinatsegula pakamwa kuti ndivomere. Ndiye ndinaganiza za anthu akumva mlombwa wanu pa wailesi n'kumayamikira kampani ya kutsidya kwa nyanja, imene inatikana. Ndinati, "Ba Boston, mawu amenewa ali ndi mwini wake. Mukawafuna, pachikuto pakhale mbalameyi, ndipo woimba ndikhale ine." Anaseka, anati ndatengera misala ya kwathu, n'kutuluka. Sanabwerenso.

Ndiye ntchito ndilibe. Mkwiyo wanga pa inu sunathe, musaganize kuti watha. Pansi m'chipinda muno pali fumbi la simenti, choncho gitala imagona pabedi kukhoma, ine m'mphepete. Masana anthu akapita kuntchito ndimaiimba yosalumikiza ku sipika, chibwano nditachigoneka panyanga yake kuti ndizimvera m'mafupa.

Mundiuze mafuta amene munapaka pakhosi, ndipo ngati alipo otsala mupatsire Ronnie m'kabotolo. Mphepo ya kuno ndi youma kwambiri mwezi uno, ndikuopa kuti lingang'ambike.

Ndine muphwa wanu,
Hillary